Mbiri ya Ufulu wa Azimai Woponya Voti

Pa tsiku la masankho muno m'Zambia anthu amayamba kuima pa mizere kusanace. M'mizeremo mumakhala azimai ambiri: ena abereka ana kumbuyo, ena ndi agogo oyenda ndi ndodo, ena ndi atsikana amene angokwanitsa kumene zaka 18. Palibe amene amadabwa kuwaona. Pa masankho a caka ca 2021, azimai anali oposa theka la anthu onse amene analembetsa kuponya voti.

Koma zinthu sizinali tero kuyambira kale. Zaka 150 zapitazo panalibe dziko ngakhale limodzi limene linali kulola azimai kusankha aphungu a nyumba ya malamulo ya dziko lonse. Ufulu umenewu azimai anaupeza atalemba zikalata zopempha, atayenda m'miseu, atanyozedwa ndi kumangidwa, ndipo ena anataya moyo. Nkhani ino ikufotokoza kumene nkhondoyi inayambira, mmene inafikira kuno kwathu, ndiponso zimene zikali patsogolo.

Cifukwa cake azimai anali kuletsedwa

Pamene masankho anayamba m'maiko a ku Ulaya ndi ku America, voti inali ya amuna okhala ndi malo, nyumba kapena cuma cina. Ngakhale amuna osauka analibe voti. Mkazi wokwatiwa sanali kuwerengedwa monga munthu woima payekha pamaso pa lamulo. Ku Britain, katundu amene mkazi analowa naye m'banja pamodzi ndi malipiro a nchito yake zinali kukhala m'manja mwa mwamuna wake, kufikira pamene malamulo a mu 1870 ndi 1882 anasintha zimenezi.

Otsutsa anali ndi zifukwa zao. Ena anali kunena kuti mwamuna akaponya voti ndiye kuti waponyera banja lonse. Ena anali kuti ndale zidzapasula mabanja. Enanso anali kuti azimai sapita kunkhondo, motero sayenera kusankha boma limene lingalengeze nkhondo. Panali ngakhale azimai ena amene anapanga mabungwe okana voti. Koma azimai ofuna voti anali kuyankha kuti naonso amakhoma msonkho, amamvera malamulo, ndipo akalakwa amaweruzidwa ndi malamulo omwewo. Tsono n'cifukwa ninji iwo asakhale ndi mau posankha anthu opanga malamulowo?

Mau oyamba otsutsa

Mu 1789 anthu a ku France anaukira ufumu ndipo analengeza kuti anthu amabadwa mfulu ndi olingana. Posacedwa zinaoneka kuti mauwo anali kunena amuna okha. Mu 1791 mai wina wolemba mabuku, Olympe de Gouges, analemba cikalata cake cofotokoza ufulu wa azimai. Iye anaphedwa ndi boma mu 1793 cifukwa ca zolemba zake za ndale. Ku Britain, mu 1792, Mary Wollstonecraft anatulutsa buku lochedwa A Vindication of the Rights of Woman. M'bukumo anafotokoza kuti azimai amaoneka otsalira cifukwa cakuti anamanidwa maphunziro, osati cifukwa ca cibadwa cao.

Ku America nkhani ya azimai inakulira pamodzi ndi nkhondo yothetsa ukapolo. Mu 1840 ku London kunacitika msonkhano waukulu wotsutsa ukapolo, koma azimai amene anatumidwa kucokera ku America anakanizidwa kukhala pamodzi ndi nthumwi zacimuna. Awiri mwa azimai amene anali kumeneko, Lucretia Mott ndi Elizabeth Cady Stanton, sanaiwale cipongwe cimeneci. Mu July 1848 iwo ndi anzao anaitanitsa msonkhano m'tauni ya Seneca Falls, m'cigawo ca New York. Kunasonkhana anthu pafupifupi 300, ndipo anthu 100 anasaina cikalata ca madandaulo: azimai 68 ndi amuna 32. Mfundo yopempha voti ndiyo inavuta kwambiri, pakuti ena anali kuopa kuti anthu adzawaseka. Inavomerezedwa pambuyo pakuti Frederick Douglass, munthu wakuda amene anathawa ukapolo, anaima ndi kuicirikiza.

New Zealand itsogolera

Dziko loyamba lodzilamulira lokha kupatsa azimai onse voti ya nyumba ya malamulo linali New Zealand. Kumeneko nkhondoyi inatsogoleredwa ndi Kate Sheppard, amene anali m'bungwe la azimai acikristu lolimbana ndi ucidakwa. Azimai a m'bungweli anaona kuti malamulo oteteza mabanja sangapangidwe ngati aphungu sasankhidwa ndi azimai. Pa cifukwa comweco eni malonda a mowa anatsutsa voti ya azimai mwamphamvu.

Azimaiwa anayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa maina. Mu 1893 anapereka ku nyumba ya malamulo zikalata zosainidwa ndi azimai pafupifupi 32,000. Mapepala ambiri anamatidwa pamodzi n'kupanga mpukutu wautali mamita oposa 270. Lamulo linasainidwa pa 19 September 1893, ndipo pa masankho a pa 28 November caka comweco azimai oposa 90,000 anaponya voti. Lamulolo linaphatikiza ndi azimai a mtundu wa Maori, eni nthaka a dzikolo. Komabe azimai sanaloledwe kuima pa masankho kufikira 1919, ndipo phungu wamkazi woyamba, Elizabeth McCombs, anasankhidwa mu 1933. Cithunzi ca Kate Sheppard cinaikidwa pa ndalama ya pepala ya madola 10 ya dzikolo.

Nkhondo ya ku Britain

Nkhondo imene inamveka kwambiri pa dziko lonse ndi ya ku Britain, dziko lomwe panthawiyo linali kulamulira mbali yaikulu ya Africa. Mu 1866 phungu wina, John Stuart Mill, anapereka ku nyumba ya malamulo cikalata cosainidwa ndi azimai pafupifupi 1,500. Caka cotsatira anayesa kusintha lamulo la masankho kuti liphatikize azimai, koma aphungu anakana. Kwa zaka zambiri pambuyo pake nkhaniyi inali kubwera m'nyumbamo n'kugwa.

Mu 1897 mabungwe ambiri ofuna voti anagwirizana pansi pa utsogoleri wa Millicent Fawcett. Iwo anali kukhulupirira njira za mtendere: misonkhano, zikalata ndi kukambirana ndi aphungu. Koma azimai ena anatopa ndi kudikira. Mu 1903, mumzinda wa Manchester, Emmeline Pankhurst pamodzi ndi ana ake aakazi anayambitsa bungwe la Women's Social and Political Union. Nyuzipepala ina inawapatsa dzina lonyoza lakuti suffragettes, koma iwo analitenga dzinalo n'kulinyadira.

Azimai a bungweli anayamba ndi kusokoneza misonkhano ya nduna za boma. Pambuyo pake anayamba kudzimangirira ndi unyolo ku mipanda ya nyumba za boma, kuswa mawindo a masitolo ndi kutentha nyumba zimene munalibe anthu. Millicent Fawcett ndi gulu lake sanagwirizane ndi njira zimenezi, ndipo kufikira lero akatswiri a mbiri yakale amatsutsana ngati ciwawaco cinafulumizitsa voti kapena cinaicedwetsa.

Boma linayankha ndi dzanja lolimba. Pa 18 November 1910 azimai pafupifupi 300 amene anapita ku nyumba ya malamulo anamenyedwa ndi kucitidwa cipongwe kwa maola ambiri. Azimai pafupifupi 1,000 analowa m'ndende pa zaka zonse za nkhondoyi. Kuyambira mu 1909 ambiri a iwo anayamba kukana cakudya m'ndende, pofuna kuti aziwerengedwa monga akaidi a ndale. Oyang'anira ndende anali kuwagwira mwamphamvu ndi kuwalowetsa cakudya ndi paipi kudzera m'mphuno kapena m'kamwa. Anthu atadandaula ndi nkhanzazi, mu 1913 boma linapanga lamulo lotulutsa mkaidi akafooka ndi njala, n'kumumanganso akapeza mphamvu. Anthu analicha lamulo la mphaka ndi khoswe.

Pa 4 June 1913, pa mpikisano wa akavalo ku Epsom, mmodzi wa azimaiwa, Emily Davison, analowa m'bwalo akavalo ali kuthamanga ndipo anagundidwa ndi kavalo wa Mfumu George V. Anamwalira patapita masiku anai. Anthu zikwizikwi anaima m'miseu ya London kuperekeza maliro ake.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, bungwe la Pankhurst linaimitsa zionetsero. Amuna atapita kunkhondo, azimai anagwira nchito m'mafakitale a zida, m'minda, m'zipatala ndi pa zoyendera. Mu 1918 lamulo linapatsa voti azimai a zaka 30 kupita m'mwamba amene anali ndi nyumba kapena okwatiwa ndi eni nyumba. Azimai oposa 8 miliyoni anapeza voti, koma atsikana ambiri amene anagwira nchito m'mafakitale anatsala kunja, pamene amuna anali kuvota pa zaka 21. Kulingana kwenikweni kunabwera mu 1928. Emmeline Pankhurst anamwalira mu June caka comweco, kutatsala masabata ocepa kuti lamulolo lisainidwe. Mkazi woyamba kukhala pa mpando m'nyumba ya malamulo ya Britain anali Nancy Astor, mu 1919.

Ku America ndi maiko ena

Ku United States cigawo ca Wyoming cinapatsa azimai voti mu 1869, koma dziko lonse linatenga zaka zina 51. Mu 1872 Susan B. Anthony anaponya voti pa masankho a mtsogoleri wa dziko. Anamangidwa ndipo khoti linamulipiritsa madola 100, ndalama zimene anakana kupereka mpaka imfa yake. Mu 1917 azimai otsogoleredwa ndi Alice Paul anayamba kuima ndi zikwangwani pa cipata ca White House, ndipo ambiri anamangidwa. Mu August 1920 lamulo lalikulu la dzikolo linasinthidwa kuti munthu asamanidwe voti cifukwa cakuti ndi mkazi.

Koma azimai akuda a m'zigawo za kum'mwera sanapindule msanga. Iwo, pamodzi ndi amuna ao, anali kuchingidwa ndi msonkho wa voti, mayeso a kuwerenga ndiponso ziopsezo. Zochinga zimenezi zinacotsedwa m'zaka za m'ma 1960, makamaka ndi lamulo la ufulu wovota la mu 1965.

Maiko ena anatsatira pa nthawi zosiyanasiyana. Australia inapatsa azimai voti mu 1902, koma eni nthaka a dzikolo anadikira kufikira 1962. Finland inatero mu 1906, ndipo caka cotsatira inasankha aphungu aakazi 19, oyamba pa dziko lonse. Norway inatsatira mu 1913, Denmark mu 1915, Russia mu 1917 ndi Germany mu 1918. Azimai a ku France anapatsidwa voti mu 1944. Switzerland inacedwa kufikira 1971, ndipo cigawo cake cimodzi cinacita kukakamizidwa ndi khoti mu 1990. Kuwait inavomereza mu 2005, ndipo azimai a ku Saudi Arabia anavota koyamba mu 2015 pa masankho a makhonsolo.

Mu Africa

Atsamunda asanafike, m'mitundu yambiri ya mu Africa azimai anali ndi mau pa za ulamuliro. Pakati pa Acewa ufumu umatsata mzere wa amai, ndipo azimai aakulu a mbumba amakhala ndi mau posankha wolowa ufumu. Mai wa Kalonga, wochedwa Nyangu, anali ndi ulemu waukulu, monganso Makewana, amene anali kuyang'anira kacisi wa mvula ku Msinja. Kwa Alozi, likulu la Nalolo limalamuliridwa ndi mfumu yaikazi. Boma la atsamunda linali kukambirana makamaka ndi amuna, kulemba nchito amuna, ndipo masukulu anali kuphunzitsa atsikana kwambiri za kuphika ndi kusoka.

Azimai sanakhale cete. Mu 1929 azimai zikwizikwi a kum'mwera cakum'mawa kwa Nigeria anaukira mafumu oikidwa ndi atsamunda atamva kuti adzayamba kukhoma msonkho, ndipo oposa 50 anaphedwa. Ku Abeokuta, m'zaka za m'ma 1940, Funmilayo Ransome-Kuti anatsogolera azimai a m'misika kukana msonkho wopanda oimira. Ku Egypt, mu 1951, Doria Shafik analowa ndi khamu la azimai m'nyumba ya malamulo, ndipo voti inabwera mu 1956.

Ku South Africa azimai aciyera anapatsidwa voti mu 1930, pamene azimai akuda anadikira kufikira 1994. Pa 9 August 1956 azimai pafupifupi 20,000 a mitundu yonse anaguba kupita ku Union Buildings mumzinda wa Pretoria kukana lamulo la mapasi, motsogoleredwa ndi Lilian Ngoyi, Helen Joseph, Rahima Moosa ndi Sophia Williams. Tsikuli ndi la cikumbutso ca azimai m'dzikolo.

Kucokera ku Northern Rhodesia kufika ku Zambia

Kuno kwathu nyumba ya malamulo ya atsamunda inakhazikitsidwa mu 1924, ndipo masankho oyamba anacitika mu 1926. Kuti munthu avote anafunika kukhala nzika ya Britain, kukhala ndi cuma kapena malipiro ofika pa mlingo woikidwa, ndiponso kudziwa Cingerezi. Anthu akuda anali kuwerengedwa monga otetezedwa ndi Britain, osati nzika, motero pafupifupi onse, amuna ndi akazi omwe, analibe voti. Pa cifukwa cimeneci, nkhondo ya azimai yofuna voti inali imodzi ndi nkhondo ya ufulu wodzilamulira, imene mfuu yake inali yakuti munthu mmodzi, voti imodzi.

Azimai anagwira nchito yaikulu m'cipani ca African National Congress ca Bambo Harry Nkumbula, ndiponso pambuyo pake m'cipani ca UNIP ca Bambo Kenneth Kaunda. M'zaka za m'ma 1950 anaima pa makomo a mabuchala ndi masitolo amene anali kugulitsa zinthu kwa anthu akuda kudzera pa kawindo, n'kuletsa anzao kugulako. Anasonkhetsa ndalama za cipani, anagulitsa makhadi, anaphikira ndi kubisa atsogoleri amene anali kufunidwa ndi apolisi, ndipo anasunga mabanja amuna ao ali m'ndende.

Wochuka kwambiri mwa iwo anali Mai Julia Mulenga, odziwika ndi dzina lakuti Mama Chikamoneka. Iwo anali kuyenda m'makomboni a Lusaka usiku akugwedeza citini ca miyala poitanira anthu ku misonkhano, ndipo anamangidwa kangapo. Mu 1960, pamene nduna ya Britain yoona za maiko olamulidwa ndi atsamunda, Iain Macleod, inafika mu Lusaka, Mama Chikamoneka ndi azimai anzao anaionekera atavula kumtunda, mabere ali poyera. Pa mwambo wathu, mai wamkulu akafika pocita zotero ndiye kuti mkwiyo ndi cisoni zafika pamapeto. Mama Chikamoneka anamwalira mu 1986 ndipo boma linawaika m'manda mwaulemu. Enanso amene amakumbukiridwa ndi Mama Chibesa Kankasa, amene anatsogolera gulu la azimai a UNIP kwa zaka zambiri.

Pa masankho a October 1962 panali mabuku awiri a ovota, lapamwamba ndi lapansi, molingana ndi cuma ndi maphunziro. Anthu akuda ambiri, kuphatikizapo azimai, anavota koyamba kudzera m'buku lapansi, ndipo zotsatira zake zinabala boma la mgwirizano wa UNIP ndi ANC. Masankho oyamba amene munthu wamkulu aliyense analoledwa kuvota popanda kufunsidwa za cuma kapena maphunziro anacitika mu January 1964. Pa mipando 75, azimai atatu anapambana: Mai Nakatindi Yeta Nganga, Mai Ester Banda ndi Mai Margret Mbeba. Motero pamene dziko linalandira ufulu pa 24 October 1964, mkazi ndi mwamuna anali kale ndi voti yolingana.

Voti yokha siinakwanire

M'maiko onse azimai anapeza kuti voti ndi khomo cabe. Panatsala nkhani za malipiro, maphunziro, malo, cuma ca masiye ndi nkhanza za m'banja. Muno m'Zambia mabungwe a azimai anayamba kulimba m'zaka za m'ma 1980. Bungwe la NGOCC, limene limagwirizanitsa mabungwe a azimai, linayamba mu 1985, ndipo la Zambia National Women's Lobby linayamba mu 1991, caka cimene ndale za zipani zambiri zinabwerera.

Cimodzi mwa zipatso zoyamba cinali lamulo la mu 1989 lonena za cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo. Lamuloli linabwera cifukwa ca mcitidwe wa acibale wolanda katundu kwa akazi amasiye. Limagawa cuma motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira womwalirayo. Wamasiye ali ndi ufulu wokhala m'nyumba ya banja kufikira atamwalira kapena atalowa m'banja lina.

Makhoti naonso anathandiza. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Mai Edith Nawakwi anapambana mlandu ku khoti lalikulu, limene linagamula kuti mai angathe kulembetsa ana ake pa pasipoti popanda cilolezo ca atate a anawo. Mu 1992 Mai Sara Longwe anasumira hotela ina yaikulu ya mu Lusaka imene inawaletsa kulowa pa malo omwera cifukwa sanali ndi mwamuna, ndipo khoti linagamula kuti limenelo linali tsankho.

Mu 1997 boma linalola atsikana otenga pakati kubwerera kusukulu akabereka. Mu 2000 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yoona za kulingana kwa amuna ndi akazi. Mu 2011 kunabwera lamulo lolimbana ndi nkhanza zocitira munthu cifukwa cakuti ndi mkazi kapena mwamuna, ndipo mu 2016 makhoti ofulumizitsa milandu yotere anatsegulidwa ku Kabwe ndi ku Lusaka. Mu 2015 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la cilungamo ndi kulingana pakati pa amuna ndi akazi. Mu December 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ukwati uliwonse wa mwana wosafika zaka 18, ngakhale wa mwambo, ukhale wosavomerezeka.

Mapangano a maiko

Bungwe la United Nations, limene linayamba mu 1945, linalemba m'cikalata cake coyamba kuti amuna ndi akazi ali ndi ufulu wolingana. Mu 1979 linavomereza pangano lothetsa tsankho la mtundu uliwonse kwa azimai, lodziwika kuti CEDAW, ndipo Zambia inalivomereza mu 1985. Misonkhano inai yaikulu ya azimai inacitikira ku Mexico City mu 1975, ku Copenhagen mu 1980, ku Nairobi mu 1985 ndi ku Beijing mu 1995. Mlembi wamkulu wa msonkhano wa ku Beijing anali Mai Gertrude Mongella a ku Tanzania.

Mu 1997 atsogoleri a maiko a SADC, atakumana ku Blantyre, analonjeza kuti pofika 2005 mipando 30 pa 100 iliyonse ya ulamuliro idzakhala ya azimai. Pambuyo pake anakweza mlingowo kufika pa theka. Bungwe la African Union nalonso linavomereza pangano la ku Maputo mu 2003, lonena za ufulu wa azimai a mu Africa.

Azimai pa maudindo aakulu

Mkazi woyamba pa dziko lonse kukhala nduna yaikulu ya boma anali Sirimavo Bandaranaike wa ku Ceylon, dziko limene tsopano ndi Sri Lanka, mu 1960. Mu Africa, Ellen Johnson Sirleaf wa ku Liberia anakhala mkazi woyamba kusankhidwa ndi anthu kukhala mtsogoleri wa dziko mu 2005. Mai Joyce Banda anatenga mpando ku Malawi mu 2012, Mai Samia Suluhu Hassan ku Tanzania mu 2021, ndipo Mai Netumbo Nandi-Ndaitwah ku Namibia mu 2025. Mu 2008 Rwanda inakhala dziko loyamba kukhala ndi aphungu aakazi ambiri kuposa aamuna. Lamulo lalikulu la dzikolo limasungira azimai mipando yao.

Muno m'Zambia, Mai Mutumba Mainga Bull anakhala mkazi woyamba kukhala nduna yaikulu ya unduna pamene anapatsidwa unduna wa zaumoyo mu 1973. Mai Florence Mumba anakhala woweruza wamkazi woyamba wa khoti lalikulu mu 1980, ndipo Mai Edith Nawakwi anakhala nduna ya zacuma mu 1998. Pa masankho a 2001 azimai awiri, Mai Gwendoline Konie ndi Mai Inonge Mbikusita-Lewanika, anapikisana nao pa mpando wa mtsogoleri wa dziko. Mu 2015 Mai Inonge Wina anakhala waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndipo Mai Ireen Mambilima anakhala mkulu wa oweruza. Mu 2021 Mai Mutale Nalumango analowa pa mpando wa waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndipo Mai Nelly Mutti anakhala mkazi woyamba kutsogolera nyumba ya malamulo.

Zimene zikali patsogolo

Ngakhale maina amenewa ndi olemekezeka, ciwerengero ca azimai osankhidwa cakhala cocepa. Pambuyo pa masankho a 2021 azimai anali pafupifupi 15 pa aphungu 100 alionse, kutali ndi theka limene maiko a SADC anagwirizana. Pa anthu 16 amene anaima pa mpando wa mtsogoleri wa dziko caka cimeneco, mkazi anali mmodzi yekha, Mai Chishala Kateka. Pa dziko lonse lapansi, pofika 2025, azimai anali kupitirira pang'ono phungu mmodzi pa anai alionse.

Mabungwe a azimai amachula zopinga zingapo. Coyamba ndi ndalama, pakuti kampeni imadya cuma cambiri. Caciwiri ndi zipani, zimene kawirikawiri zimaimika amuna m'madera amene zili ndi mphamvu. Cacitatu ndi ciwawa ndi mau otukwana, amene masiku ano amafalikira ngakhale pa intaneti. Cacinai ndi maphunziro: malamulo a mu 2016 anafuna kuti woima pa masankho akhale ndi satifiketi ya giredi 12, pamene azimai ambiri a kumidzi anasiya sukulu msanga. Pamwamba pa zonsezi pali maganizo akale, monga aja akuti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo.

Palinso nkhani ya lamulo lalikulu la dziko. Ndime 23 imaletsa tsankho, koma imapatula nkhani za ukwati, cisudzulo, cuma ca masiye ndi malamulo a mwambo, kumene azimai ambiri amakumana ndi mabvuto. Mbali imeneyi siingasinthidwe popanda kufunsa anthu onse. Pa 11 August 2016 funsolo linaperekedwa kwa anthu pamodzi ndi masankho, koma mavoti ovomereza sanafike pa mlingo wofunika.

Caka ciliconse pa 8 March dziko limapuma pa nchito kukumbukira tsiku la azimai, limene linayamba ndi ganizo la Clara Zetkin wa ku Germany pa msonkhano wa ku Copenhagen mu 1910. Ndi tsiku loguba ndi kuvala zitenje zofanana, komanso ndi tsiku lowerenga kumene tafika kucokera pa aphungu atatu aja a mu 1964. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Nzika iliyonse ya Zambia ya zaka 18, yokhala ndi citupa ca dziko ndi khadi la voti, ili ndi ufulu wosankha, ndipo ufulu umenewo ndi wa mkazi monga momwe ulili wa mwamuna.